Mapazi a Elufe

Ndinayamba kuyenda chifukwa cha mng'ono wanga Falesi, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinasiya. Zaka sindinaziwerenge. Ndimangokumbukira kuti mvula inagwa kambiri, nsapato zinatha, ndipo midzi imene ndinkadutsa inkafanana kwambiri moti nthawi zina ndinkaganiza kuti ndi mudzi umodzi womwewo umene unkandipitirira n'kukandidikira kutsogolo.

Falesi anali mwana amene alendo ankamuyamikira ulemu asanamudziwe, chifukwa sankayang'ana munthu m'maso. Ankati taonani mwana woleredwa bwino, amayi n'kungomwetulira. Ife a m'nyumba tinkadziwa kuti si ulemu. Mwana waulemu amagwetsa maso chifukwa wakuona. Falesi ankayang'ana kumbali ngati pamene waimapo palibe munthu. Ukamufunsa kuti wadya, nayenso ankati wadya, ndi mawu ako omwewo. Tsiku lonse ankandandalika njere za chimanga pakhonde, mzere wowongoka woti mlimi aliyense angachite nawo manyazi, ndipo nkhuku ikatola njere imodzi ankalira mpaka mawu kusasa. Mtondo ukayamba kulira ankatseka makutu.

Pamudzi pathu panali madokotala ambiri opanda mankhwala. Ena ankati amayi anathira mchere m'ndiwo pa masiku oletsedwa, ena ankati anadutsa kumanda ali ndi pakati. Abambo palibe anawatchulapo. Amayi anamubereka Falesi kumsana mpaka mapazi ake ankawagunda kuseri kwa mawondo, koma zimenezo anthu sankaziwerengera.

Tsiku lina masana, nthawi yokolola, Falesi anatsatira mzere wa nyerere umene unkadutsa kuseri kwa nkhokwe. Ndinamuona ndi maso angawa, ndinati abwera. Sanabwere. Tinafufuza m'madambo, m'zitsime ndi m'mapiri, mpaka anthu anatopa n'kubwerera ku minda yawo. Ine ndinamanga zovala m'chitenje n'kulondola kumene nyerere zija zinalowera.

Tauni yoyamba inali ya fodya. Ndinalembedwa ntchito yosankha masamba m'shedi yaitali yonunkha, pansi pa kapitawo wa diso limodzi amene ankaona ngati ali ndi maso a anthu anayi. Munthu uja sankadziwa kuyankhula popanda kukalipa, koma anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene sindinachiiwale: tsamba usaliweruze lili lokha, liike pambali pa linzake ndipo mtundu wake uoneka. Kunja kwa shedi kunali mayi wogulitsa tiyi, ndipo pansi pa tebulo lake pankakhala mwana wondandalika zitsekerero za mabotolo. Tsiku loyamba kumuona ndinaganiza kuti ndamupeza. Sanali Falesi, anali wamng'ono komanso wakuda kwambiri. Koma nditamufunsa dzina, anandibwezera funso langa monga ndinaliperekera. Ndinamuika pambali pa Falesi m'maganizo mwanga, ndipo ndinaona kuti ndi masamba a mtundu umodzi. Ndinalira pomwepo, mayi wa tiyi n'kumaganiza kuti ndapsa lilime.

Fodya atatha ndinapitiriza ulendo. Pamudzi wina wa mishoni ndinkasesa pasukulu, ndipo zilembo ndinaziba pawindo, tsache lili m'manja. Kumeneko kunali mwana wa mmisiri wa matabwa amene ankazunguza chivundikiro cha poto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amayi ake ankanenedwa kuti anapsa mtima ali ndi pakati. Ndinagula kope la mizere n'kuyamba kulemba: wa zitsekerero, wa chivundikiro, ndi Falesi patsamba loyamba. Sindinkadziwa kuti ndikulembera ndani. Mwina ndinkaganiza kuti ndikawasonkhanitsa onse m'kope limodzi, Falesi sadzakhalanso yekha kumene ali.

Kenako ndinafika pachipatala cha paphiri. Ntchito yanga inali yochapa nsalu za pabedi. Dokotala wamkulu anali munthu wa kutsidya la nyanja zamchere, ndipo dzina lake lenileni linkatiluma lilime, choncho anthu anamutcha Kalimanjira chifukwa ankakoka mwendo umodzi poyenda. Tsiku lina anandipeza pansi pa mtengo wa mbawa umene unali pakhomo la chipatala, ndikulemba za mwana wina amene ankadzigwedeza pamzere wa odwala. Anatenga kope langa osapempha, anawerenga ataimirira, ndipo nkhope yake inafiira ngati ya munthu wotola chikwama pamsewu. Mawa lake anandichotsa ku sopo n'kundikhazika pakampando m'chipinda chake.

Anandipatsa lamulo limodzi, m'Chichewa chake chokhotakhota. “Iwe lemba zimene maso aona m'chipinda muno. Zoganiza, siya kwa ine.”

Ndinalikonda lamulolo, ndisaname. Linandichititsa kumva ngati munthu wa sukulu. Anandilonjezanso kuti ntchitoyi ikadzakhala buku, dzina langa lidzakhala pachikuto pamodzi ndi lake. Ndinagona ndi lonjezolo miyezi yambiri. Ndikanakhala wochenjera ndikanadabwa kuti munthu wolonjeza kulemba dzina langa sanandifunsepo kuti dzinalo ndi ndani. Ankangonditcha kuti iwe.

Ana anakwana asanu ndi awiri, kuphatikiza amene ndinabwera nawo m'kope. Womaliza anali Elufe, kamtsikana ka zaka ngati zinayi, ndipo anabwera naye anali amayi ake, a Nangondo. Anachokera kutali, mapazi ali mbuu. Atalowa m'chipinda cha dokotala anachita zimene mkazi aliyense woleredwa kwathu akanachita pamaso pa munthu wamkulu. Anamasula mwana kumsana, anamukhazika pamkeka pakati pa chipinda, iwo n'kukagwada kukhoma, manja pamiyendo, maso pansi. Elufe atayamba kulira sanasunthe, chifukwa mwana anali ataperekedwa kwa dokotala ndipo kulowererapo kukanakhala mwano. Dokotala atafunsa kuti mwanayu amamuona bwanji, anayankha kuti ndi kamwana kachabechabe, bwana, kalibe nzeru. Ndi mayi uti amene angayamikire mwana wake pamaso pa mlendo, ngati kuti akuitana nsanje?

Ine ndinalemba zimene maso anaona. Mayi anaika mwana pansi n'kukhala patali. Mwana analira, mayi sanamugwire, sanamuyang'ane. Mayi akuti mwana ndi wachabechabe. Chifukwa chake sindinachilembe. Zinali zoganiza, ndiponso ndinkati zimenezi amazidziwa aliyense, ngakhale mwana wosavala.

A Nangondo anakhala pachipatala sabata zitatu. Masana aliwonse, ndikamapita kukayanika nsalu za anzanga amene ndinkawathandizabe, ndinkawapeza pansi pa mbawa uja. Elufe sankalola munthu kumukumbatira, ngakhale amayi ake. Koma ankagona chagada pa chitenje n'kutambasula miyendo, mapazi onse awiri n'kuwaika m'manja mwa amayi ake. A Nangondo ankawafinya pang'onopang'ono, chala ndi chala, akung'ung'udza kanyimbo kamodzi kopanda mawu. Ankatha maola awiri akuchita zimenezo, phala lawo likuzizira pambali. Ndinkaona tsiku lililonse. Koma mbawa sunali m'chipinda cha dokotala, ndipo kope linkakhala m'kabati.

Nyengo ya mvula itayandikira, Kalimanjira ananyamuka kupita kwawo. Anati kope akukalitayipitsa, abwera nalo. Ndinabwerera ku sopo n'kumadikira. Mvula inagwa, inatha, inagwanso ina. M'chipinda muja munalowa dokotala wa mano.

Ndinatsika phiri ndi mkwiyo umene unandiyendetsa masiku ambiri osamva njala. Ndinafika ku tauni ya njanji, kumene kunali dokotala wa kwathu konkuno, a Malikebu, munthu wa mawu ofewa ndi nsapato zowala. Nditawafotokozera nkhani yanga anapukusa mutu, anati anthu akunjawa ndi momwe alili, amadya za eni. Anandipatsa tiyi wamkaka m'kapu ya alendo, ananditcha mlongo wawo, kenako anandigulira kope latsopano n'kundifunsa ngati ndingakumbukire. Kukumbukira ndiye mphatso yanga, mwinanso tsoka langa. Ndinalemba zonse monga zinalili, mwana ndi mwana, mawu ndi mawu, pamodzi ndi tsamba la a Nangondo. A Malikebu anati mutu umodzi susenza denga, tigwire ntchitoyi limodzi. Patapita miyezi ingapo anasamutsidwira ku mzinda waukulu, ndipo denga lija anapita nalo okha. Iwonso dzina langa sanalifunse, poti mlongo ndi mlongo basi.

Zaka zimene zinatsatira zimandisokonekera. Ndinasoka matumba pamalo ena, ndinagulitsa makala pena, ndinaphikira anthu omanga mlatho. Paliponse pamene ndinkafika pankakhala mwana mmodzi wondandalika timiyala kapena wotseka makutu, ndipo ndinkamuyang'ana kumaso kaye ngati ndi Falesi, ngakhale ndinkadziwa kuti Falesi, ngati ali moyo, ndi mayi wamkulu tsopano. Koma sindinalembenso.

M'mawa wina ndinapita pachipatala chaching'ono cha m'mbali mwa msewu kukamangitsa bala. Namwino wachitsikana anali atasonkhanitsa amayi pakhonde, akuwawerengera buku n'kumamasulira. Anati kuli ana amene sayang'ana m'maso, amabwereza mawu a munthu, amandandalika zinthu, ndipo mmodzi wa iwo ankalira nkhuku ikatola njere ya chimanga. Ndinaimirira bala lili pamtunda. Anali Falesi wanga, ali m'buku, akuwerengedwa ndi munthu wa yunifolomu. Ndinasangalala kwambiri moti ndinaseka mokweza. Ndinapempha kuona chikuto. Panali dzina limodzi, lija lotiluma lilime.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene chimandichititsa manyazi. Namwino uja anapitiriza kuwerenga. Anati vutoli limabwera chifukwa cha mayi wouma mtima, amene safungatira mwana wake, ndipo mwana amatseka mtima wake chifukwa wagogoda kwa mayi osamutsegulira. Amayi a pakhonde paja anazolika. Ine ndinamva mawu amenewo, koma anangodutsa m'makutu. Mtima wanga wonse unali pachikuto.

Posakhalitsa ndinagula usipa wokulungidwa m'nyuzipepala, ndipo pakati pa mafuta ndinaona nkhope ziwiri zimene ndinkazidziwa. Kalimanjira ndi a Malikebu anali pa mkangano waukulu. Aliyense anali atatulutsa buku lake, aliyense ankati ndiye anayamba kuwaona ana amenewa, ndipo aliyense ankafuna kuti vutoli lizitchedwa ndi dzina lake. Chovuta chinali chakuti mabuku onse awiri anali ndi ana asanu ndi awiri omwewo, chimanga chomwecho, chivundikiro chomwecho, mawu ofanana ngati mapasa. Choncho aliyense ankatcha mnzake wakuba. Ndinakhala pansi pamsika n'kuseka mpaka misozi. Afisi awiri ankalimbirana mbuzi, mwini mbuzi akudya usipa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi ntchito imodzi, yofuna dzina langa. Ndinalowa mu mzinda waukulu n'kuyamba kuyenda m'maofesi. Ofesi iliyonse inali ndi benchi, kawindo, ndi bambo wodya chinangwa amene ankati ndibwere mawa. Ndikati ndine ndinalemba buku la madokotala aja, ankandiyang'ana kumapazi kaye. Wina anandifunsa ngati ndili ndi abale oti angabwere kudzanditenga. Ndinaonda, ndinkayankhula ndekha pamsewu, ndipo ndikadziona pagalasi la sitolo ndinkaona mkazi wolusa amene sindikanafuna kukhala naye pampando umodzi.

Kuti ndipeze chakudya ndinabwerera ku ntchito yanga yakale. Kumapeto kwa mzinda kunali nyumba ya mpanda wautali yosungiramo ana amene madokotala anawalekanitsa ndi makolo, ndipo ankafuna wochapa. Tsiku lachiwiri ndinalowa m'chipinda cha atsikana kukatenga nsalu. Pabedi la pakona panali mtsikana wamkulu, wometedwa mpala, atagona chagada. Akakolo ake anali omangidwa ku chitsulo cha bedi ndi nsanza. Nditayandikira anakweza mapazi onse awiri mpaka pamene nsanza inalekezera, n'kuwaloza kwa ine, nkhope ili kukhoma.

Ndinafunsa mayi woyang'anira nyumbayo chifukwa chake anamumanga. Anati ameneyo ndi Elufe, ali ndi khalidwe loponda anthu; aliyense akayandikira amamutukulira mapazi, ndiye amamumanga kuti asavulaze antchito. Ndinafunsa za amayi ake. Anati mayi wake ndiye gwero la matenda, ndipo lamulo silimulola kulowa. Anabwera pageti zaka zitatu, ankakhala panja tsiku lonse osanena kanthu, kenako anasiya. Woyang'anira uja sanali munthu woipa. Pofuna kuti ndimvetse anatsitsa buku pashelefu, anatsegula pamene panali kapepala, n'kundimasulira. Mayi anaika mwana pansi n'kukhala patali. Mwana analira, mayi sanamugwire, sanamuyang'ane.

Ndinabwerera kuchipinda kuja. Ndinamasula nsanza n'kugwira mapazi a Elufe. Anali ozizira, khungu lofewa ngati la munthu amene sanapondepo dothi. Ndinayamba kufinya chala ndi chala, n'kuyesa kung'ung'udza kanyimbo kaja. Ine wokumbukira mawu onse a m'kope, nyimbo ndinali nditaiwala pakati pake. Elufe anamvetsera pang'ono, kenako anabweza mapazi ake n'kuwapinda pamimba. Ndinadzida tsiku limenelo kuposa mmene ndinadera madokotala onse awiri.

Ndinamuchonderera woyang'anira kuti amubweze mwana kwa amayi ake. Anati iye amatsata buku. Buku likasintha, nayenso asintha.

Sindidziwa kuti panapita miyezi ingati. A Malikebu ndi amene anandipeza, ndili pachingwe choyanikira. Tsitsi lawo linali litachita imvi koma nsapato zinali zowalabe. Anati akuluakulu a zamaphunziro aitanitsa msonkhano woti athetse mkangano, ndipo makope awiri aja aperekedwa ngati umboni. Atawaika pamodzi aona kuti dzanja lolemba ndi limodzi, ndipo si la dokotala aliyense. Tsopano akufuna mwini dzanja. A Malikebu anandipempha kuti ndikanene kuti iwo ndi amene anandituma kulemba kuyambira pachiyambi, ndipo adzaonetsetsa kuti dzina langa lalowa m'buku. Anati mlongo wanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sindinawalonjeze kanthu, koma ndinachapa chitenje changa chabwino.

Chipinda cha msonkhano chinali ndi tebulo lalitali ngati shedi ya fodya ija. Kalimanjira anali atakalamba, mwendo uja tsopano ankaukoka ndi ndodo. Anandiyang'ana osandizindikira. Wapampando, bambo wa magalasi ochindikala, anandipatsa pepala kuti ndilembe mizere ingapo, ndipo analiika pambali pa makope aja monga kapitawo ankachitira ndi masamba. Kenako anatseka makope n'kundiuza kuti ndinene za mwana wachitatu. Ndinanena tsamba lonse pamtima. Anandifunsa za mwana woyamba. Ndinati ameneyo ndi mng'ono wanga, tinabadwa mimba imodzi, ndipo pamene ndinkamulemba madokotala awiriwa sankadziwa kuti padziko pali munthu ngati ine.

Akuluakulu ananong'onezana nthawi yaitali, kenako wapampando anati nkhani yaoneka poyera. Buku lisindikizidwanso, ndipo dzina langa likhala pachikuto, pamwamba pa mayina a madokotala. Chotsala chinali chakuti ndisaine chikalata chonena kuti zonse zolembedwa m'makope ndi zoona ndi zokwanira. Anandisunthira chikalatacho pamodzi ndi cholembera.

Ndinachigwira cholembera chija. Musaganize kuti sindinachifune. Ndinali nditayenda zaka zonsezo, ndinatchedwa wamisala m'maofesi, ndipo chinthu chija chinali pamphuno penipeni. Ndinadziuza kuti ndisaine kaye, za a Nangondo ndidzakonza ndili ndi dzina, poti munthu wa dzina amamvedwa. Koma chikalata chinkati zoona ndi zokwanira, ndipo ndinkadziwa kuti ndikasaina, tsamba lija likhala ndi mboni zitatu m'malo mwa ziwiri, yachitatuyo mkazi wa kwathu konkuno.

“Bwana,” ndinatero, “tsamba la mwana womaliza ndi losakwanira. Zimene ndinalemba zinachitikadi, koma mayi uja anakhala patali chifukwa cholemekeza adokotala. Kunja pansi pa mtengo ankamugwira mwana wake maola awiri tsiku lililonse. Ndinkaona, koma sindinalembe. Nkhani yonse ya amayi ouma mtima yaima pa tsamba limenelo, ndipo ndi yabodza.”

Wapampando anavula magalasi. Anandiuza mofatsa kuti ndiganize bwino, chifukwa nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Ngati ndikuvomera ndekha kuti ndinasiya zinthu patsamba limodzi, iwo sangaike pachikuto dzina la mboni yosadalirika. Ndinati ndamva. Anandifunsanso kachiwiri. Ndinabweza cholembera.

Zimene zinachitika kenako ndikanaseka ndikanakhala ndi mphamvu. Kalimanjira ndi a Malikebu, amene kwa zaka zambiri sankapatsana moni, anagwirizana nthawi yomweyo. Onse anati kuona ana ndi kuzindikira mtundu wawo inali ntchito ya madokotala, ine ndinali dzanja chabe. Onse anatinso nkhani ya amayi sanaikhulupirire kwenikweni, anasokeretsedwa ndi zolemba za wantchito wosaphunzira. Anatuluka akuthandizana kutsika masitepe. Vutolo akuluakulu aja analipatsa mayina a madokotala onse awiri, ndi kamzere pakati.

Ndisanatuluke, kalaliki wa msonkhano anandithamangira n'kundifunsa dzina langa ndi kalembedwe kake. Anali munthu woyamba kundifunsa. Buku litatulukanso, ndinalipeza dzinalo pansi pa tsamba lina la mkati, m'tizilembo tating'ono ngati nyerere. Pankati ganizo lakale loti vutoli limachokera kwa mayi lachotsedwa, ndipo cholakwacho chinabwera chifukwa cha wochapa nsalu wina, dzina lake lakutilakuti. Analilemba bwino, osaphonya chilembo.

Ndinapita nalo tsambalo kwa woyang'anira nyumba ya ana. Anawerenga kawiri, anandiyang'ana, kenako anakatenga lumo n'kudula nsanza yekha. Anandilola kumuperekeza Elufe kwawo chifukwa panalibenso wina wokumbukira nkhope ya amayi ake.

Tinayenda masiku ambiri, pabasi ndi pansi. Elufe ankayenda movutika, akuponda ndi zala zokha, ndipo galimoto ikalira ankatseka makutu. Sanatambasulirenso munthu mapazi ulendo wonsewo. Tinadutsa tauni ya njanji, tinadutsa phiri la chipatala. Mbawa uja anali ataudula, pamalo pake pali thanki ya madzi. Midzi inkafanana monga kale, ndipo pamudzi uliwonse ndikafunsa za a Nangondo ankandilozera mudzi wotsatira. Pomaliza tinawapeza kwawo kumene anabadwira. Amuna awo anali atawasiya kalekale, abale a mwamuna atamva zimene chipatala chinanena. Ankakhala okha m'kanyumba ka kumapeto, ndipo tinawapeza akusenda nandolo pakhonde.

Anationa tikubwera. Anayang'ana Elufe, lichero linapendekeka, nandolo n'kumwazika. Ndinaganiza kuti athamanga. Koma anaona chitenje changa chabwino ndi pepala limene linali m'manja mwanga, ndipo anadzigwira. Anayala mkeka pakati pa bwalo kuti tikhalepo, iwo n'kukagwada kukhoma, manja pamiyendo, maso pansi.

Ndinawafotokozera zonse, ndipo ndinawawerengera tizilembo tija. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti dzina latchulidwalo ndi la ndani. Ndinati ndi langa. Anakweza maso koyamba n'kundiyang'anitsitsa.

“Ndinu munkadutsa ndi nsalu pansi pa mbawa paja?”

“Ndine, mayi.”

“Ndiye munkandiona.”

“Ndinkakuonani.”

“Nanga osalemba bwanji?”

Mayi ameneyu anali atakhala pageti zaka zitatu. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangogwetsanso maso. Elufe anali pamkeka, akutola nandolo zomwazika zija n'kumaziika pamzere, osayang'ana aliyense. Amayi ake anali pomwe paja kukhoma, masitepe anayi okha kuchokera pa mwana wawo, ndipo sankasuntha. Ndinadikira, ndikudabwa kuti akudikira chiyani. Kenako ndinazindikira. Pabwalopo panali mlendo wa pepala m'manja, ndipo mlendoyo ndinali ine.

Ndinatsanzika mofulumira, ndinakana madzi, ndinasiya tsamba lija pamkeka. Nditazungulira kuseri kwa nkhokwe ndinaima. Kwa nthawi yaitali sikunamveke kanthu koma nkhuku. Kenako kanyimbo kaja kanayamba, mawu okalamba, osasa, ndipo kanadutsa bwinobwino pakati paja pamene ine ndinaiwala. Kanafika kumapeto, kanaleka, kanayambanso.

Ngati Elufe anapereka mapazi ake, sindidziwa. Ndikanatha kusuzumira, panali mpata pakati pa nkhokwe ndi mpanda, koma maso anga anali atawaonera kale zokwanira anthu awiri aja. Ndinamanga chitenje n'kulowa njira. M'nyumba ya mpanda wautali ija munatsala ana makumi atatu, aliyense ndi mayi wake kwinakwake amene anauzidwa kuti ndi wouma mtima, ndipo tsopano ndimayenda kuwafunafuna amayiwo, tsamba lina longa lija lili m'manja. Mayi aliyense ndikamupeza amafunsa kuti dzina lili pansi pa tsambalo ndi la ndani. Ndimawauza kuti ndi langa.